Mbale Zomata ndi Ulimbo

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinkakhulupirira kuti othawa nkhondo ndi mtundu wa anthu, monga mmene alili Alomwe kapena Atumbuka. Ndinkati ali ndi dziko lawo kwinakwake kumene ana amabadwa atasenza kale mtolo pamutu, kumene akulu samanga nyumba kapena kukumba manda, ntchito yawo n'kuyenda basi. Ndipo poti ndi anthu oyenda, ndinkati chilichonse chimene ungawapatse amalandira ndi manja awiri osayang'ana kunsi kwake. Musandiseke kwambiri. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo ngakhale pamenepo ndinafikapo chifukwa aphunzitsi a Sitandade 3 anatopa nayo nkhope yanga.

Mudzi wathu uli kumwera kwa Namitete, mbali yoloza mapiri a Dzalanyama. Chaka chimenecho, chimanga chitalowa m'nkhokwe, dzuwa litayamba kuwotcha mapazi, tinayamba kuona anthu akutsika m'mapirimo. Ankachokera kuseri, dziko limene nthawi imeneyo linali m'manja mwa Apwitikizi, ndipo nkhondo inali itafika m'midzi mwawo. Ankabwera awiri awiri, atatu atatu, miyendo yotuwa, milomo yong'aluka. Chimene chinandisokoneza n'choti ankayankhula Chichewa chathu chomwechi, ndipo ena ankati ndi aBanda, ena aPhiri. Koma chitsiru sichisowa yankho. Ndinati aphunzira m'njira.

Mabanja atatu anagwera m'mudzi mwathu. Amfumu athu, munthu wofatsa amene ankawodzera ngakhale pa mlandu wa iwo eni, anawapatsa chigafa poti fodya anali atapita kale kumsika. Anthu anatchinga m'mbali mwake ndi mapesi. Denga linalipo, koma pansi panalibe mphasa, panalibe poto, panalibe ngakhale chikho chomwera madzi.

Lamulungu lake agulupa a tchalitchi chathu, a Matiyasi, anaimirira mapemphero atatha. Anali mkulu wabwino, koma maso awo anali atayamba kuchita khungu, moti nyimbo ankaimba za pamtima buku atagwira chadodolido.

"Abale," anatero, "ufa tawapatsa alendo athuwa. Koma aphikira m'chipewa kodi? Pakufunika mnyamata woyenda khomo ndi khomo ndi thumba. Aliyense aikemo chiwiya chimene angathe."

Sabata imeneyo ndinali nditathawa sukulu masiku atatu kukatchera mbalame ndi ulimbo kudambo. Amayi anga, aNaphiri, ankandilera okha, poti bambo anamwalira ndili ndi zaka zitatu, ndipo milandu yanga ankaisunga mumtima osaiwala ngakhale umodzi. Anaimika dzanja kumbali ya amayi kuja.

"Wanga alipo. Miyendo ali nayo. Sukulu ndiye alibe nayo ntchito."

Tchalitchi chonse chinaseka, ine n'kulandira thumba.

Inu amene simunayendepo ndi thumba lopempha, ndikuuzeni: thumba lopanda kanthu limalemera kuposa lodzaza. Tsiku loyamba ndinazungulira mudzi wathu. Ndinapeza mthiko, chipande chong'aluka, lichero lotha m'mphepete ndi mphasa imene chiswe chinali chitadyako chakumutu. Tsiku lachiwiri ndinapita midzi yoyandikana nayo. Pakhomo lililonse ndinkagwada, n'kunena mawu amene a Matiyasi anandiloweza, ndipo pakhomo lililonse ndinkamva nyimbo yake.

"Poto ndili naye mmodzi, mwana wanga, ndipo ndi ameneyo ali pamotoyo."

"Ukawauze agulupa akowo kuti nafenso tikuthawa nkhondo. Yathuyi ndi ya njala."

Bambo wina wosoka mphasa anandiyang'ana nthawi yaitali, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chivundikiro cha poto, chokhachokha.

"Nanga poto wake?" ndinafunsa.

"Akampeza kutsogolo. Si oyenda?"

Sindikuwanena anthu aja. Masiku amenewo nyumba yokhala ndi mbale zinayi inali ya munthu wotchuka. Ambiri ankanena zoona. Koma zoona sizidzaza thumba, ndipo dzuwa la mwezi umenewo silisamala kuti ukugwira ntchito ya Mulungu. Agalu anandithamangitsa kawiri. Chingwe cha thumba chinandisupula paphewa. Madzulo alionse a Matiyasi ankapisa dzanja m'thumbamo, n'kumafufuza ngati munthu wofuna nsomba m'matope.

"Ndi zomwezi? Mabanja atatu, mwana iwe. Mawa ukafike kutsidya kwa dambo."

Tsiku lachitatu ndinafikadi kutsidya kwa dambo. Ndinabwerako ndi supuni imodzi ndi malonje ambiri. Pobwerera dzuwa linali paliwombo, m'mimba mulibe kanthu, kukhosi kouma. Kuti ndifupikitse ulendo ndinadzera kanjira kodutsa m'mphepete mwa msitu wa manda, kamene ife ana tinkaletsedwa. Ndinakhala pansi pamthunzi kuti ndipume pang'ono, ndipo ndili pomwepo ndinaona chinthu chikunyezimira m'kati mwa mitengo.

Achinyamata a lero, amene mumaika nkhata za maluwa a pulasitiki pamanda, mwina simukudziwa. Kale munthu akaikidwa, pamtumbira pake ankaikapo chiwiya chimene ankagwiritsa ntchito: mbale yake, kapu yake, beseni lake. Adzukulu, amene ndi okumba manda, ankachiboola kunsi kuti chife pamodzi ndi mwini wake, komanso kuti amoyo asachisirire. Zimenezi ndinkazimva. Koma ndinali ndisanalowepo m'manda, poti mwana sankapita koika maliro, ndipo sindinkadziwa kuti akufa a m'mudzi mwathu anali olemera chonchija. Mbale zachitsulo zoyera zinali mbuu pamitumbira, zina zatsopano kuposa zathu za kunyumba.

Satana sabwera ndi nyanga, abale. Amabwera ndi nzeru. Ndinati, akufawa sadya. Alendowa akudya. Mbale ili apa ikungodzaza masamba, mwana kuchigafa akudyera m'manja. Kodi Mulungu angakondwe nazo zimenezi? Ndinaona kuti ndine mnyamata woganiza kuposa mudzi wonse. Za kutopa kwa miyendo yanga sindinazitchule pa mlanduwo, ngakhale ndizo zinali mwini nkhani.

Ndinalowa mozyolika. Sindinapite patali. Ndinatola mbale zinayi, beseni laling'ono, ndi kapu imodzi yoyera ya mlomo wabuluu, chogwirira chake chomangidwa ndi waya. Ndinathamanga mpaka kudambo osacheuka. Kumeneko ndinazikwecha ndi mchenga mpaka zinawala. Zibowo ndiye sizinandivute. Kachitini ka ulimbo sikankachoka m'thumba la kabudula wanga. Ndinang'amba tinsanza, ndinatiphatika ndi ulimbo, n'kutseka chibowo chilichonse, pamwamba n'kupakapo dothi loyera. Ndinayesa kutunga madzi. Sanadonthe. Ndinadzitama ndekha pamenepo, achule ali mboni.

A Matiyasi atapisa dzanja m'thumba madzulo amenewo, anamva kulira kwa zitsulo, nkhope yawo n'kuwala.

"Wapereka ndani zonsezi?"

"Anthu a kutsidya," ndinatero. "Koma akuti ndisatchule mayina. Akufuna adziwe Mulungu yekha."

Mkulu uja anatsala pang'ono kulira. Anandisisita pamutu, nati chikhulupiriro chotere sanachionepo ngakhale pakati pa Akhristu akale. Ndinavomereza modzichepetsa.

Ziwiyazo anati zipite kwa mayi amene anafika komalizira, aNambewe. Anali mayi wowonda, wosayankhulayankhula, wa ana awiri aang'ono, wopanda mwamuna. Pa zogawa zoyamba iwo anangopeza mthiko ndi chivundikiro chija. Ndinasenza ndekha thumbalo mpaka kuchigafa. Anandilandira atagwada, anaomba m'manja, n'kuyamba kutulutsa chimodzichimodzi. Atagwira mbale yoyamba anaitembenuza, nayendetsa chala chachikulu kunsi kwake. Chalacho chinaima. Anatenga yachiwiri, chimodzimodzi. Kenaka anandiyang'ana. Sanakwiye, sanamwetulire. Anali maso a munthu amene wayenda mtunda wautali ndipo wauzidwa kuti kwatsala wina.

"Zikomo, bambo," anatero.

Ndinachoka ndikudzimva kukula, poti palibe amene anali atanditchulapo bambo.

Masiku awiri otsatira ndinkadutsa dala kuchigafa kuti ndione ntchito ya manja anga. Ndinapeza ana a aNambewe akudyerabe pa chivundikiro chija, onse awiri, mitu itagundana. Mbale osaoneka. Ndinati mumtima, si ndinanena? Mtundu umenewu mbale suzidziwa.

Mmawa wa tsiku lachitatu tinadzidzimuka ndi phokoso. Mkulu wa adzukulu, a Kapalepale, anali atapeza aNambewe m'mphepete mwa msitu wa manda kukucha, atagwada, akumasula kamtolo ka nsalu. M'kati mwake munali mbale zinayi, beseni ndi kapu. A Kapalepale anali ataona kale dzulo lake kuti mitumbira ina yavulidwa, ndipo anali akuzembera wakubayo. Anabwera nawo mayiwo mpaka pabwalo la pafupi ndi chigafa, mudzi wonse ukutsatira pambuyo.

Ziwiya anaziyala pansi. Tinsanza tija tinali titachotsedwa, zibowo zili poyera ngati maso. Anthu omwe aja amene sabata yapitayo ankaimba za kulandira alendo anayamba kuyankhula onse nthawi imodzi.

"Tawapatsa denga, tawapatsa ufa. Malipiro ake ndi amenewa?"

"Ndinanena ine. Munthu sathawa kwawo popanda chifukwa."

"Wotenga mbale pamanda lero, mawa atenga mwini mbaleyo."

Mawu omalizawo ndiwo anaipitsa zinthu, chifukwa aliyense anamva chimene ankatanthauza. Amayi anayamba kukokera ana awo kumbuyo. Mabanja ena awiri aja anatuluka m'chigafa n'kuima chapatali, ndipo ndinaona nkhalamba ina ya m'gulu lawo ikuyamba kukulunga mphasa yodyeka ndi chiswe ija, mwakachetechete, ngati munthu wozolowera.

Amfumu, amene tsiku limenelo tulo tinawathawa, anafunsa aNambewe kuti anene mbali yawo.

"Sindimatenga," anatero mayiwo, maso ali pansi. "Ndimabweza."

"Munazitenga kuti?"

"Zinabwera m'thumba la kutchalitchi."

Onse anatembenukira kwa a Matiyasi. Mkulu uja anaimirira ndi mkwiyo woyera.

"Ine zobooka sindinapereke. Ndinazigwira ndi manja angawa, chimodzichimodzi. Zinali zabwinobwino."

Sankanama. Ndipo ndani akanakhulupirira mlendo wa sabata ziwiri kusiya agulupa a zaka makumi awiri? Ndani m'mudzi muno, anthu anafunsana, angapereke chiwiya cha pamanda kwa munthu wamoyo? Chigamulo chinayamba kupsa chisanaphikidwe: mabanja onse atatu achoke dzuwa la mawa lisanalowe. Apite kumene akudziwa.

Ine ndinali pomwepo, kutsogolo, poti pa nkhani zaphokoso sindinkakhala kumbuyo. aNambewe anakweza maso kamodzi, anandipeza, n'kuwabwezanso pansi. Sanandiloze. Ndikanakonda kukuuzani kuti mtima unandiwawa ndipo ndinadumphira pakati pa bwalo. Koma ndakalamba, bodza layamba kunditopetsa. Chimene ndinkaganiza n'chakuti: awa ndi oyenda kale. Mawa apita, nkhaniyi ipita nawo, ine nditsala ndi dzina langa labwino.

Ndiye amayi anga anatuluka pagulu la amayi. Anapita pamene panali ziwiya, anawerama, n'kutola kapu ya waya ija. Anaigwira ndi manja awiri nthawi yaitali, mpaka anthu anayamba kukhala chete. Kenaka anaitembenuza, naika chala pachibowo. Pochotsa chalacho, kaulusi ka ulimbo kanatamuka pakati pa chala ndi kapu. Anakayang'ana. Ananunkhiza. Amayi anga ankaudziwa ulimbo umenewo, poti ankauchotsa m'makabudula anga sabata iliyonse.

"Amfumu," anatero, "mlandu usathe. Ndikatenge mboni."

Mboniyo sanakaitenge patali. Anayenda mapazi anayi, anandigwira padzanja, n'kunong'ona kuti ndimve ndekha.

"Unena wekha, kapena ndinene ine? Ukanena wekha, ukadali mwana wanga."

Ndinanena. Mawu anatuluka ngati a mwanapiye wonyowa, koma anatuluka. Ndinanena za kanjira, za mchenga wa kudambo, za tinsanza, ngakhale za anthu a kutsidya ofuna kudziwika ndi Mulungu yekha. Nditafika pamenepo munthu wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. A Matiyasi anakhala pansi pang'onopang'ono, anavula chipewa, n'kumachiyang'ana m'kati.

Mukudziwa chimene chinandidabwitsa? Amene ankakuwa kwambiri aja anangoyamba kukumbukira kuti asiya mbuzi zosamasula. Mmodzimmodzi anazimiririka. Palibe amene anapita kwa aNambewe kukanena kuti tinalakwa. Nkhalamba ija inayalanso mphasa yake. Amayi analipa thadzi lathu lokhalo loikira mazira, ndipo a Kapalepale anati mbalezo zibwerere ndi manja omwe anazichotsa, tsiku lomwelo, iwo akuona.

Tinalowa m'manda awiriwiri, iwo patsogolo, ine pambuyo nditakumbatira zitsulo. Adzukulu ndi anthu osaopa akufa, amacheza nawo ngati anzawo a pamowa. A Kapalepale ankayenda akupereka moni uku ndi uku.

"Odi, eni mudzi. Tabwera ndi wakuba wanu. Musamumenye nonse nthawi imodzi, ngwamng'ono."

Anaima n'kunditembenukira.

"Chabwino, bweza. Iyi unaitenga pati?"

Ndinayang'ana mitumbira. Yonse inali yofanana. Sindinkadziwa.

"Ukuona? Kuba kumafuna mutu. Bweretsa."

Ankatenga chiwiya chilichonse, kuyang'ana chibowo chake, n'kudziwa mwini wake. Iyi anaboola ndi msomali wa ngolo, ndi ya gogo wina amene ankakonda nyemba kuposa anthu. Iyi anaboola ndi kasemasema, mvula ikugwa, ndi ya mtsikana amene anamwalira pobereka. Beseni linali la mkulu wina waukhondo amene ankasamba m'manja ngakhale asanadye nzimbe. Aliyense anali ndi dzina, aliyense anali ndi kankhani kake, ndipo ine ndinkagwada, kuika, n'kupepesa monga ankandiuzira. Mawondo anayamba kuwawa. Pomaliza m'manja mwanga munatsala kapu.

A Kapalepale sanailandire. Anayenda pang'ono mpaka pamtumbira wina wophwa, pansi pa mtengo wa mthethe, n'kuima.

"Iyo ukumudziwa mwini wake?"

"Ayi."

"Waya ameneyo anamanga yekha. Ndinamuuza kuti agule ina, anati kapu siitha chifukwa cha khutu. Anali wouma mutu ngati iwe." Analoza mtumbirawo. "Ndi bambo ako awa."

Kufikira tsiku limenelo sindinkadziwa pamene bambo anagona. Nkhope yawo sindinkaikumbukira. Chinthu chawo choyamba chimene ndinachigwira ndi manja anga, ndikudziwa kuti n'chawo, chinali chimene ndinawabera.

"Gwada," anatero a Kapalepale, mawu atatsika. "Uwauze kuti unangobwereka. Sangakane. Akanakhala moyo akanapereka okha kwa alendowo. Kungoti iwo akanapereka yosabooka."

Pobwerera kunyumba ndinkakonzekera ndodo, ndipo kunena zoona ndinkaifuna, chifukwa ndodo imatha. Koma ndinapeza amayi atayala ziwiya zathu zonse pakhonde: mapoto awiri, mbale zitatu, makapu awiri. Anasankha poto wabwinoyo, mbale ziwiri zosasupuka, ndi kapu yanga.

"Senza."

"Nanga ife tidyera pati?"

"Ine mbale yanga yatsala. Iwe ukabwere nacho chivundikiro chija."

Tinapita limodzi kuchigafa. Amayi anagwada pamaso pa aNambewe, chinthu chimene mudzi wonse unalephera, ndipo anapepesa. Ine ndinakhala pakhomo, mutu uli pansi, makutu ali m'kati.

"Bwanji simunanene tsiku lomwelo, anzanga?" anafunsa amayi.

"Kwa eni kulibe mkuwe," anayankha aNambewe. "Poyamba ndinati mwina ndi mmene mwationera, kuti ndife akufa kale. Usiku wake sindinagone. Kenaka ndinaona tinsanza tija, ndinati iyi ndi ntchito ya mwana. Ndinati ndikangozisiya m'mphepete mwa msitu, eni ake azipeza, nkhani ithere pomwepo."

"Nanga pabwalo paja? Anali patsogolo panu. Bwanji simunamuloze?"

"Ndikanaloza mwana wa m'mudzi, ine wobwera dzana? Mukanandikhulupirira?"

Yankho ankalidziwa onse awiri. Kenaka aNambewe anayankhulanso, mawu ali phee, ngati akunena za mitengo ya kumsika.

"Bambo a anawa tinawakwirira m'mphepete mwa munda, mothamanga, ndi khasu limodzi. Pamtumbira pawo palibe ngakhale chikho. Ndiye ine ndidyere m'mbale ya mwamuna wa mnzanga?"

Pamenepo ndi pamene mtundu wanga wa anthu oyenda unathera. Mayi uja anali ndi munda. Anali ndi mwamuna. Anali ndi manda amene ankawaganizira usiku, ndipo mwambo umene ine mwini mudzi ndinauponda, iye wothawa anausenza pamutu kudutsa nawo mapiri.

Ndinadyera pa chivundikiro mpaka tinakolola. Ndiwo za msuzi zinkathawira m'mbali, ine n'kumazithamangitsa ndi chala. Amayi sanatchulenso nkhaniyo ngakhale kamodzi. Chivundikirocho ndicho chinkayankhula, kawiri pa tsiku.

aNambewe anakhala nafe zaka zingapo. Anapatsidwa kamunda, anamanga kanyumba, ana awo anakula tikusewera limodzi. Nkhondo ija itatha anati akubwerera. Tsiku lonyamuka anapita kwa a Kapalepale ndi imodzi mwa mbale za amayi zija, nawapempha kuti aiboole. Anaiboola ndi msomali wa ngolo, osanena nthabwala ngakhale imodzi. Mayiwo anaikulunga m'nsalu, anaiika pamwamba pa mtolo, n'kuloza kumapiri. Sitinamvenso za iwo. Sindikudziwa ngati mtumbirawo anaupeza.

Tsopano ndine nkhalamba, mawondo amalira ndikamadzuka, ndipo chimene ndachimvetsa n'chochepa. Munthu amene wataya zonse sanataye maso. Amatembenuza mbale n'kuyang'ana kunsi, ndipo chimene amawerenga pamenepo si chibowo chokha, koma mmene wamuonera. Amanena zikomo chifukwa alibe kolowera, ndipo ife timatenga zikomoyo n'kupita naye kunyumba ngati satifiketi.

Ndakumbuka zonsezi chifukwa mwezi wathawu kutchalitchi analengeza kuti kumsasa wa othawa kwawo ku Dowa kwafika mabanja atsopano, ochokera kumayiko akutali, oyankhula zinenero zimene ife sitimva. Anati tisonkhe ziwiya, galimoto idzatenga. Masiku ano oyenda khomo ndi khomo ndi achinyamata a njinga zamoto, ine anandipatsa ntchito ya nkhalamba, yokhala pampando n'kumasankha zobwerazo. Abale, zaka zonsezi zapita, koma thumba ndi lomwe lija. Ndowa yong'ambika pansi. Nsapato ya phazi limodzi. Mbaula yopanda miyendo. Zivundikiro zitatu zopanda mapoto. Ndinatopa ndisanayambe. Ndinayesa kuwafotokozera achinyamatawo nkhani ya ulimbo. Anaseka pa anthu a kutsidya paja, koma ndisanafike pa kapu paja, foni ya wina inalira, onse n'kuunjikana pamenepo.

Ndinabwerera kunyumba masana. Akazi anga, aNangozo, anali kudimba. Ndinalowa m'khitchini kuti nanenso ndipezeko choperekera, ndipo dzanja langa, lokalamba koma losalapa, linapita lokha pa poto wakale amene tinamutseka chibowo ndi kabawuti. Ndinati akadali bwino uyu, akhoza kuphika chaka china. Ndinatuluka naye panja, n'kumukweza kuloza dzuwa. M'mphepete mwa kabawutiko munkalowa kakuwala kang'onong'ono, ngati diso la nkhuku. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka ndinamubweza, n'kutenga poto wamkulu watsopano amene mwana wathu wa ku tawuni anagulira amayi ake pa Khirisimasi. Ndinamusenza ndekha mpaka kutchalitchi, ndikupuma kawiri m'njira.

Madzulo ake aNangozo anafufuza m'khitchini monse, anafunsa kwa oyandikana nawo, kenaka anabwera kudzaima pamaso panga manja ali m'chiuno. Ndinaulula msanga, poti zoulula ndinaziphunzira ndili mwana. Ndinayambanso nkhani ya aNambewe, koma anandidula, akuti aimva kokwanira pa zaka makumi anayi. Anaphika mu poto wa kabawuti uja, tinadya osayankhulana. Titatha kudya anasonkhanitsa mbale, analowa m'khitchini, n'kutulukamo atanyamula kanthu. Anakaika pamiyendo panga.

"Phunzirolo linali lanu, bambo, koma poto anali wanga," anatero. "Ndipo mwakalamba osaphunzira kupereka. Chivundikiro chake mwasiya. Mawa mulawire nacho galimoto isananyamuke, asakatione ngati ndife anthu achipongwe."